Loya amaphunzirira ntchito pa yani?

Sabata zitatu zapitazo ofesi yathu kuno ku Mzuzu inalandira ophunzira awiri a zamalamulo, mnyamata ndi mtsikana, amene abwera kudzaona ntchito pa nthawi ya tchuthi chawo. Tsiku loyamba ndinawafunsa zomwe gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena za munthu amene wamangidwa, ndipo onse awiri anayankha mosadodoma kuti munthuyo ayenera kuuzidwa chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, komanso kuti ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Anatchulanso zigamulo zimene makhoti anatanthauzirapo gawoli, zina mwa izo ine nditaziiwala kale. Tsiku lachiwiri ndinapempha mnyamatayo kuti akhale pansi ndi bambo wina wa ku Ekwendeni amene mwana wake anagona m'chitolokosi, amve nkhani yonse, kenako adzandifotokozere. Patatha mphindi 20 anabwera ndi pepala lodzaza ndi magawo a malamulo, koma sankadziwa tsiku limene mwanayo anamangidwa, polisi imene akusungidwa, ngakhale nambala ya foni ya bamboyo. Sindinamudzudzule, chifukwa pepala lakelo linali lofanana ndi langa la zaka zoposa khumi zapitazo.

Munthu woyamba amene ndinakhala naye ndekha nditangoyamba ntchito anali mayi wamasiye wa ku Mchengautuwa. Unali mmawa wa mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba tawuni yonse, ndipo mayiwo analowa atafunda zitenje ziwiri, n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando ngati akuopa kuudetsa. Anandiuza, m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, kuti amuna awo anamwalira miyezi inayi m'mbuyomo ndipo alamu awo abwera kuchokera ku Mzimba kudzawatulutsa “m'nyumba ya amuna anga”. Nditangomva mawu amenewo ndinasangalala ngati mwana wasukulu amene wapeza pa mayeso funso lomwe anawerenga usiku wathawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linali lidakali latsopano ndipo ine ndinali nditaliwerenga lonse, choncho ndinayamba kufotokoza mmene limatetezera mkazi ndi ana ngati mwamuna wamwalira osasiya wilo, mmene katundu wa m'nyumba amatsalira kwa mkazi, ndiponso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angapite nawo kundende. Ndinayankhula pafupifupi ola lathunthu. Mayiwo ankangoti “inde bwana, inde bwana,” ndipo ine ndinkaona ngati inde ameneyo akutanthauza kuti ntchito ndikuidziwa.

Pa ofesi imeneyo panali kalaliki wachikulire amene analibe digiri, koma anali atanyamula mafayilo kupita nawo kukhoti kwa zaka zochuluka kuposa zimene ine ndinakhala pasukulu. Pamene ankawaperekeza mayiwo pakhomo, ndinawamva akufunsa m'Chitumbuka, motsitsa mawu, funso limodzi lokha: “Amama, kodi malowo anagula ndani?” Mayiwo anaima, anamasula mfundo pa nsonga ya chitenje, n'kutulutsa kajumbo ka shuga, ndipo m'kati mwake munali pepala long'ambidwa m'kope, lopindidwa kanayi, lofiirira m'mipindiro. Linali pangano logulitsana malo, lolembedwa ndi bolopeni, lokhala ndi dzina la iwo omwewo monga wogula, siginecha ya wogulitsa, mboni ziwiri ndi chidindo cha mfumu ya deralo. Malowo anagula okha ndi ndalama za usipa umene ankaoda ku Nkhata Bay, malata nawonso anagula okha, ndipo malisiti ena anali m'kajumbo momwemo. Anati “nyumba ya amuna anga” chifukwa umo ndi mmene mkazi waulemu amatchulira nyumba imene akukhala ndi mwamuna wake, makamaka kuno kumpoto kumene mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna. Nkhani imene ine ndinaitenga ngati ya kagawidwe ka chuma cha womwalira inali ya anthu ofuna kulanda katundu wa munthu wamoyo, ndipo kalata imene ndinkafuna kulembera alamuwo ikanavomereza, m'dzina la mayiwo, kuti nyumbayo ndi ya malemu. Madzulo ake akalalikiwo anandiuza mwaulemu kuti: “Aloya, muzisiya munthu amalize kaye, ndipo akamaliza muzimufunsa ngati ali ndi pepala lililonse, chifukwa anthu athu sadziwa kuti pepala lantchito ndi liti.”

Cholakwa chachiwiri chinandipweteka kwambiri chifukwa panalibe wondipulumutsa. Linali Lachisanu masana, ndipo ndinkapempha belo m'khoti la majisitireti m'malo mwa mnyamata wina woganiziridwa kuti anaba. Ndinali nditakonzeka: ndinatchula ufulu wa munthu womangidwa wotulutsidwa pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndinatchula lamulo la 2000 lofotokoza zoyenera kuganizira popereka belo, ndipo khoti linavomera, n'kulamula kuti pakhale anthu awiri omuimira ngati chikole. Malume ake ataitanidwa, womasulira anawafunsa ngati akumvetsa kuti mphwawoyo akathawa iwo ndiwo adzalipire ndalama imene yatchulidwa. Anandiyang'ana ine, anayang'ana kukhomo, kenako anati iwo anangobwera kudzaperekeza. Ankaganiza kuti akufunika kutulutsa ndalamayo pomwepo, ndipo sanalakwe kuganiza choncho, chifukwa ine ndinali ndisanakhale nawo pansi ngakhale mphindi zisanu kuwafotokozera tanthauzo la chimene ndinawaitanira. Munthu wachiwiri analibe chiphaso chilichonse. Nthawi inatha, nkhani inaimitsidwa mpaka Lolemba, ndipo mnyamatayo anagona masiku ena atatu pa rimandi m'mwezi wa Julayi, umene aliyense wokhala ku Mzuzu amadziwa kuzizira kwake.

Ndanena nkhani ziwirizi chifukwa anthu akamakambirana za kuphunzitsa luso la ntchito m'sukulu za malamulo, kawirikawiri amayankhula ngati nkhani yake ndi ya ophunzira, yoti adzapeze ntchito msanga kapena adzakondweretse mabwana awo. Ine ndimaiona kuchokera kwa amene wakhala tsidya lina la tebulo. Palibe loya amene anabadwa akudziwa kumvetsera, kulemba kapena kufunsa mboni, ndipo aliyense wa ife anaphunzirira zimenezi pa munthu wina wake. Munthu wandalama akakhala ndi mlandu amapita kwa loya wamkulu amene dzina lake analimva pa wailesi, choncho amene amagwera m'manja mwa loya wachaka choyamba ndi mayi wogulitsa usipa ndi mnyamata amene malume ake sanalowepo m'khoti. Amenewa ndiwo amalipira maphunziro athu, ndipo amalipira osadziwa. Wophunzira udokotala amayenda m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth ali pambuyo pa dokotala wamkulu asanaloledwe kugwira wodwala yekha, wophunzira unamwino amachitanso chimodzimodzi, ndipo ngakhale mphunzitsi wa pulayimale amakayeserera kuphunzitsa pali wina kumbuyo kwa kalasi akulemba zolakwa zake. Sindikuona chifukwa choti munthu amene adzagwire ufulu, malo ndi ana a anzake akumane ndi munthu wake woyamba ali yekha.

Kusiyana kwa kudziwa lamulo ndi kudziwa ntchito sikunayambire kuno. Njira yophunzitsa malamulo powerenga ndi kusanthula zigamulo za makhoti akuluakulu inakhazikika pa yunivesite ya Harvard ku America kuyambira mu 1870 pansi pa mkulu wa sukulu ya malamulo kumeneko, Christopher Columbus Langdell, ndipo pofika mu 1933 loya wina wa komweko, Jerome Frank, anali atayamba kale kudandaula kuti ophunzira akutuluka asanaonepo mlandu weniweni, n'kufunsa chifukwa chomwe sukulu za malamulo sizingakhalire ndi kiliniki monga sukulu za udokotala. Panatenga nthawi yaitali kuti amvedwe, koma mu 2014 bungwe la American Bar Association linalamula kuti wophunzira aliyense m'sukulu zimene limazivomereza azipeza makirediti osachepera 6 m'maphunziro ochita ntchito yeniyeni kapena yoyeserera. Maiko amene analamulidwa ndi Britain anatsata njira ina, yoti yunivesite iphunzitse lamulo, kenako luso la ntchito liphunzitsidwe pa sukulu ina munthu atatenga kale digiri. Ndi mmene kunabwerera Nigerian Law School mu 1962 ndi Law Development Centre ku Uganda mu 1970, ndipo a ku Zambia ali ndi sukulu yawo yotchedwa ZIALE. Kuno kwathu lamulo la 2018 la maphunziro a zamalamulo ndi ntchito ya maloya linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education kuti izigwira ntchito yofananayo.

Kukhala ndi sukulu yotereyi ndi chinthu chabwino, koma ndimakana maganizo oti popeza ilipo ndiye kuti maphunziro a digiri angathe kusiya nkhani ya luso. Zaka zinayi ndi nthawi yokwanira kuti munthu azolowere chinthu cholakwika n'kukhwima nacho. Kwa zaka zonsezo wophunzira amalandira nkhani ya mlandu italembedwa kale m'ndime imodzi yosalala: wakutiwakuti anagulitsa ng'ombe kwa wakutiwakuti pa tsiku lakuti, ng'ombeyo inafa patatha masiku awiri, langizani wogulayo. Chilichonse cholembedwa m'ndimeyo chili ndi ntchito, ndipo chilichonse chofunika chalembedwamo. Wophunzira amafika pokhulupirira kuti ntchito ya loya imayamba mfundo zitasonkhanitsidwa kale, pamene kwenikweni theka la ntchito ndi kusonkhanitsako. Munthu weniweni amayambira pakati pa nkhani, amabwerera kwa agogo ake, amalumpha chinthu chimene chikumuchititsa manyazi, amatchula chofunika kwambiri ali pakhomo potuluka, ndipo nthawi zina amakuuzani zimene akuganiza kuti inu mukufuna kumva.

Pali nkhani ya chiyankhulo, imene kwa ine ndiyo yaikulu koposa ndipo siikambidwa mokwanira. Malamulo timawaphunzira m'Chingerezi, mayeso timalemba m'Chingerezi, ndipo zolemba za khoti zimasungidwa m'Chingerezi, koma pa benchi ya pakhonde la ofesi yathu pamakhala anthu oyankhula Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya ndi Chichewa, ndipo nthawi zina amalonda oyankhula Chiswahili. Gawo 42 lomwe lija limati munthu azengedwe mlandu m'chiyankhulo chimene amamva kapena amasuliridwe boma likulipira, komabe womasulira amamasulira mawu, sakhala ndi udindo woteteza munthu, ndipo udindo umenewo ndi wa loya. Wozengedwa mlandu akafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana, n'kuyankha kuti “ndikuvomera kuti mbuziyo ndinatenga, koma”, chitetezo chake chonse chingakhale chili pambuyo pa koma ameneyo, mwina anaitenga chifukwa ankakhulupirira moona mtima kuti ndi yake pa ngongole imene mwiniwake sanabweze. Loya amene khutu lake likungodikira Chingerezi cha womasulira adzamva kuvomera kokha. M'nkhani za chuma cha masiye, munthu akati “mwana wanga” angathe kutanthauza mwana wa mchemwali wake, akati “bambo anga” angakhale akunena bambo aang'ono, ndipo loya amene safunsa kuti mwanayo anabereka ndani adzalemba mndandanda wa olandira chuma wolakwika ndi chikumbumtima choyera. Masiku nawonso satchulidwa ndi kalendala. Munthu amati zinachitika chimanga chitangoyamba kufula ngayaye, kapena sabata ya maliro a amfumu, ndipo ntchito yosandutsa zimenezo kukhala deti yoti khoti liilandire imafuna kudekha ndi mafunso angapo.

Chifukwa cha zimenezi, wophunzira aliyense wobwera ku ofesi kwathu ndimamupatsa ntchito imodzi yomwe ambiri amayamba aiseka. Ndimamuuza kuti andifotokozere tanthauzo la belo m'mphindi ziwiri, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ngati kuti ine ndine agogo ake, osagwiritsa ntchito liwu lina lililonse la Chingerezi. Ambiri amakakamira pa chiganizo chachiwiri. Chimene chimaonekera pamenepo si kusowa kwa mawu kokha, koma kuti mfundoyo anailoweza asanaimvetse, chifukwa munthu amene wamvetsadi kuti belo si kukhululukidwa mlandu ndipo si chindapusa, koma ndi lonjezo loti udzabwerera kukhoti, savutika kupeza mawu ake. M'zaka zanga zonse za sukulu sindinalembepo mayeso ofuna kuti ndichite zimenezi, chonsecho ndi ntchito imene ndimachita pafupifupi tsiku lililonse.

Za kulemba sindinena zambiri. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu yosakhala yaupandu ku High Court amene anayamba kugwira ntchito mu 2017 anasintha maonekedwe ndi mayina a zikalata zambiri, ndipo amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa kuyanjanitsidwa isanazengedwe. Wophunzira amene sanalembepo chikalata cholumbirira ndi dzanja lake, n'kuchiona chikubwezedwa chitadzaza ndi inki yofiira, amalemba masamba khumi pamene pakufunika awiri, ndipo amaika m'kamwa mwa mlimi wa ku Rumphi mawu amene mlimiyo sangawazindikire akawerengeredwa m'khoti. Kuyanjanitsa nakonso ndi luso lapadera, ndipo ndinaliphunzira kwambiri poonerera mafumu ndi ankhoswe kusiyana ndi m'kalasi.

Luso limene ophunzira onse amalilakalaka ndi lofunsa mboni. Ndikukumbukira miyezi ya mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019, pamene mawailesi ankaulutsa zochitika m'khoti ndipo mumsika wa Mzuzu, m'maminibasi ndi pa siteji ya akabaza anthu ankamvetsera ngati mpira. Pofika pa 3 Febuluwale 2020, tsiku limene majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankhocho, ngakhale ogulitsa matimati anali atadziwa kusiyanitsa funso lotsekera mboni pakona ndi funso longotaya nthawi. Achinyamata ambiri anasankha kuphunzira malamulo chifukwa cha zimene anamva nthawi imeneyo, ndipo sindikuwanena. Chimene wailesi sinathe kuulutsa ndi masiku ndi usiku umene anthu anakhala akufananiza mapepala a zotsatira limodzilimodzi kuti funso limodzi la masekondi khumi litheke. Funso labwino limachokera m'fayilo, ndipo loya amene sanawerenge fayilo yake mpaka kuiloweza amafunsa funso limene yankho lake salidziwa, n'kupatsa mboni mpata wokonza zimene inaononga.

Apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi anzanga amene amati mipikisano ya moot court, imene ophunzira amayeserera kutsutsana pa mlandu wongopeka, ndi yokwanira. Ndimailemekeza mipikisanoyi, monga uja wa maufulu a anthu wa Africa yonse umene Centre for Human Rights ya ku University of Pretoria yakhala ikuyendetsa kuyambira mu 1992, chifukwa imaphunzitsa kufufuza, kuima mosanjenjemera ndi kuyankha jaji akakudula mawu. Koma pa mpikisano wotere mfundo za mlandu zimakhala zogwirizanidwa kale, palibe mboni yolira, palibe womasulira, palibe doketi yosowa, ndipo amene amapita ndi ochepa osankhidwa. Milandu yambiri m'dziko muno imathera m'makhoti a majisitireti, kumene woimira boma kawirikawiri amakhala wapolisi, ndipo kumeneko munthu amapambana kapena kugonja pa zimene zinachitika, osati pa kutanthauzira kozama kwa gawo la malamulo. Wophunzira amafunika kuyeserera mlandu wa mbuzi ndi wa malire a munda kambirimbiri asanalote za khoti la apilo.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi kiliniki ya malamulo, kumene ophunzira amathandiza anthu enieni pansi pa loya wokhala ndi chilolezo amene amayankha pa chilichonse chimene chatuluka. Ku South Africa makiliniki otere anayamba m'mayunivesite kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nthawi ya tsankho, pamene anthu akuda ambiri analibe kolowera. Sitifunikanso kuyang'ana kutali, chifukwa chitsanzo tili nacho kwathu konkuno. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti lamulo lokakamiza chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Zimenezi zinatanthauza kuti akaidi onse amene anapatsidwa chilangocho mwa njira imeneyo anayenera kumvedwanso, ndipo kumvako kunayamba mu 2015. Ntchitoyi inasonkhanitsa Malawi Human Rights Commission, maloya a boma ndi oima paokha, ma paralegal (othandiza anthu pa zamalamulo amene si maloya) a bungwe la PASI, nthambi ya zamalamulo ya ku Chancellor College ndi kiliniki ya malamulo ya yunivesite ya Cornell ku America. Mafayilo ambiri anali atasowa, choncho anthu anayenera kupita m'midzi kukacheza ndi achibale, mafumu ndi aphunzitsi akale a akaidiwo kuti apeze mbiri ya moyo wawo, za matenda a m'mutu, za msinkhu wawo pa nthawi ya mlanduwo, ndi ngati mudzi uli wokonzeka kuwalandira. Akaidi oposa 100 anatuluka. Umboni umene unawatulutsa unapezeka ndi anthu okhala pa mphasa akumvetsera, ndipo ndikukhulupirira kuti wophunzira aliyense amene anakhudzako ntchitoyo anaphunzira zinthu zimene holo yophunzitsiramo singapereke.

Zovuta zake ndikuzidziwa, ndipo si zazing'ono. Mphunzitsi mmodzi angathe kuphunzitsa lamulo la mapangano kwa anthu odzaza holo, koma sangayang'anire bwino ophunzira ochuluka chomwecho aliyense ali ndi munthu wake weniweni, choncho kiliniki imafuna aphunzitsi ambiri, mayendedwe, mapepala ndi chipinda chokiyika chosungira zinsinsi za anthu. Wophunzira saloledwa kuimira munthu m'khoti, ndipo kiliniki yopanda woyang'anira wokhulupirika ingathe kuononga kuposa kusakhalapo kwake, chifukwa wosauka amakhala wapatsidwa uphungu wolakwika n'kupita kwawo ali wokhutira. Vuto lina ndi la malikisi. Ngati ntchito ya kukiliniki siiwerengeredwa pa digiri mofanana ndi maphunziro ena, wophunzira wanzeru zake adzaisiya mayeso akayandikira, ndipo amene adzavutike ndi munthu amene fayilo yake yasiyidwa pa shelefu. Ngati tikufuna kuti ophunzira alemekeze kumvetsera, tiyenera kukuyesa ndi kukupatsa malikisi monga timachitira ndi lamulo la malo.

Nafenso maloya amene timalandira ophunzira pa tchuthi tili ndi mlandu wathu, ndipo ine ndine woyamba kuuvomera. Kwa zaka zingapo ophunzira obwera kwa ine ankathera miyezi iwiri pa makina a fotokope ndi pa mzere wa ku kaundula wa khoti, kenako ndinkasayinira fomu yawo kuti agwira ntchito bwino. Kudziwa kolipira, kodinditsa ndi mmene samani imaperekedwera kuli ndi phindu lake, koma zimenezo munthu amazidziwa m'sabata imodzi. Ndinkawaletsa kukhala nawo pokambirana ndi makasitomala chifukwa zinkandichedwetsa, ndipo kunena zoona ndinkaopanso kuti aona zolakwa zanga. Tsopano ndimapempha chilolezo kwa mwini nkhani, wophunzira amakhala pambali, ndipo munthuyo akatuluka timatenga mphindi khumi kufunsana kuti wamva chiyani, chasowa n'chiyani, ndipo akanafunsa chiyani. Mphindi khumi zimenezo ndizo attachment (kuphunzira ntchito pa ofesi) yeniyeni, zina zonsezo ndi kutumidwatumidwa chabe.

Kuno kumpoto nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Maboma asanu ndi limodzi, Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, amadalira High Court ya ku Mzuzu, ndipo maloya ambiri m'dziko muno ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumenenso ophunzira ambiri amafuna kukachitira attachment. A Legal Aid Bureau ali ndi ofesi kuno ndipo amagwira ntchito yaikulu, koma anthu ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa manja amene alipo. Pali ntchito zina zimene wophunzira wachaka chachitatu angazigwire bwino popanda kuika munthu pachiswe. Mwachitsanzo, kusintha kwa 2010 kwa lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu kunaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe, monga masiku 30 pa milandu ya m'makhoti ang'onoang'ono ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha. Wophunzira wokhala ndi kope, kalendala ndi chilolezo cholowera kundende angathe kuwerenga masiku a munthu aliyense wa pa rimandi, n'kupereka mndandanda kwa loya womuyang'anira kuti akapemphe khoti. Pochita zimenezo adzaphunzira kufunsa munthu wamantha, kuwerenga waranti, kulemba mwachidule ndi kusunga chinsinsi, ndipo wina amene anaiwalika adzapita kwawo. Ndikanakonda sukulu zophunzitsa malamulo zikanakhala ndi mgwirizano wokhazikika wotumiza ophunzira kuno chaka chilichonse, makamaka amene amayankhula ziyankhulo za kuno, m'malo mosiya kuti aliyense adzipezere yekha malo kudzera mwa achibale.

Lachinayi lapitali kunabwera mayi wina wa ku Zolozolo amene mwamuna wake wamangidwa, ndipo ndinamutumanso mnyamata uja. Ulendo uno anakhala nawo mphindi 50, ndipo ndikudutsa pakhomo ndinaona kuti cholembera chake chili pa tebulo, iye akungomvetsera. Pepala limene anabweretsa linalibe gawo lililonse la malamulo. Linali ndi tsiku ndi ola la kumangidwa, dzina la polisi, manambala awiri a foni, mayina a anthu awiri ovomera kuimira bamboyo, ndi mzere wonena kuti onse awiri afotokozeredwa m'Chitumbuka zimene akulonjeza ndipo adzabwera ndi ziphaso zawo za unzika. Mnzake uja ataliwerenga anamufunsa ngati womangidwayo amamwa mankhwala aliwonse a tsiku ndi tsiku, funso limene ngakhale ine sindinaliganizire, ndipo mnyamatayo anathamangira panja n'kuwapeza mayiwo akukwera njinga ya kabaza. Bamboyo amamwa mankhwala a shuga, ndipo anali atatha masiku awiri osamwa. Tinalemba zimenezo m'pempho la belo, mayiwo anapita kukapereka mankhwalawo madzulo omwewo, ndipo Lolemba mmawa tonse atatu tikhala tili kukhoti, ophunzirawo atakhala pa benchi ya kumbuyo kwanga ndi fayilo.